Gideoni, Mlimi Amene Anatsogolera Nkhondo

Mwa anthu onse a nkhondo amene mbiri yawo inalembedwa m'Buku Lopatulika, palibe wina amene mlimi wa kuno ku Kasungu angamumvetse msanga monga Gideoni, mwana wa Yoasi. Yoswa anakulira pambali pa Mose, naphunzira kutsogolera anthu zaka 40 m'chipululu. Davide anayamba kulimbana ndi zilombo akali mnyamata woweta nkhosa. Koma Gideoni tikomana naye ali munthu wamba, ndodo yopunthira ili m'manja, mtima uli pa chakudya cha ana ake, maso ali kunjira kuopa adani. N'chifukwa chake ndasankha kulemba za iye kwa inu, amayi ndi abambo amene mwaphunzira kuwerenga mutakula kale. Mbiri yake ipezeka m'Buku la Oweruza, mutu 6, 7 ndi 8, ndipo zimene zisimbidwa m'menemo zinachitika zaka zoposa 3,000 zapitazo, Aisraeli asanakhale ndi mfumu.

Ine sindine mbusa, ndine mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimale pakati pa minda ya fodya. Tili ana tinkakonda nkhaniyi chifukwa cha mbiya, miuni ndi malipenga, ndipo otiphunzitsa ankalekera pomwepo. Koma chilandirire udindo woyang'anira ana, aphunzitsi ndi ndalama za anthu, ndaona kuti mbali imene ana sauzidwa ndiyo yofunika kwa ife akulu. Chimene ndapeza ndi ichi: mantha sanamugwetse Gideoni pamene anali wamng'ono ndi wosauka, chimene chinamukola chinadza atapambana kale.

Wolima wina, wokolola wina

Kwa zaka 7 Aisraeli anali pansi pa Amidyani, anthu a m'chipululu okhala m'mahema, oweta ngamila. Iwowa sanali kufuna kulanda ufumu kapena kumanga midzi. Anali kudikira kuti eni dziko alime, abzale, apalire. Ndipo dzinthu zikacha, anali kuwoloka mtsinje wa Yordano pamodzi ndi Aamaleki ndi mitundu ina ya kum'mawa, nadzaza chigwa chachonde cha Yezreeli, nadya zonse, natenga nkhosa, ng'ombe ndi abulu. Aisraeli anathawira kumapiri, nabisala m'mapanga ndi m'malinga.

Zotere sizachilendo m'dziko lathu lino. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi m'chaka cha 1835, ndipo m'zaka zotsatira magulu awo a nkhondo anali kufika m'midzi ya Achewa kudzatenga ng'ombe, chakudya ndi anthu. David Livingstone pofika kwa Mwase m'chaka cha 1863 anapeza mudzi wa mfumuyo uli m'linga, pafupi ndi phiri la Kasungu. Akuluakulu asimba kuti Mwase anapirikitsa Angoni pa phiri limeneli, ndi kuti dzina lakuti Nguru ya Nawambe likumbutsa mtsogoleri wa Angoni amene anagonja pamenepo. Lero adzukulu a mbali zonse ziwiri akhala pa benchi limodzi m'kalasi, ndipo nkhondo ija yatsala m'nthano. Koma ife amene tinaona njala ya 2002 tidziwa mantha a munthu wolima osadziwa ngati adzadya. Tinaona abambo akugona m'minda kulonda chimanga, ndi amayi akukolola chisanakhwime kuti akuba asawatsogolere.

M'masiku otero ndimo mmene Gideoni anali kupuntha tirigu m'mudzi wa kwawo wa Ofira. Tirigu apunthira pa dwale, poyera, kuti mphepo iuluze mankhusu, monga momwe amayi achitira ndi mawere. Koma iye anali kupunthira m'dzenje lopondera mphesa, mobisika, mopanda mphepo, kuti Amidyani asaone fumbi. Momwemo mthenga wa Mulungu anamupeza, namulonjera monga alonjera ngwazi ya nkhondo. Gideoni sanakondwere nawo malonjewo. Anafunsa kuti, ngati Mulungu analidi pamodzi nawo, masautso onsewo anachokera kuti, ndipo zozizwitsa zimene makolo ankasimba zinathera kuti. Atauzidwa kuti iye yemweyo ndiye adzapulumutsa anthu ake, anayankha kuti banja lawo silinali kanthu pa fuko la Manase, ndipo pa banjapo iye ndiye anali wotsiriza.

Ndikonda munthu uyu chifukwa sanabise mtima wake. Chikhulupiriro chake chinayamba ndi mafunso, ndipo Mulungu sanamukalipire chifukwa cha mafunsowo. Inu amene mumafika ku sukulu ya kwacha mudziwa mawu ake, pakuti ambiri a inu munawanena tsiku loyamba: "Aphunzitsi, ine mutu wanga unauma kale, kwathu kulibe amene anagwirapo pensulo." Ndaona bambo wa imvi akuzungulira kuseri kwa kalasi kudikira kuti ana a sukulu ayambe achoka, kuti adzukulu ake asamuone akulowa. Anali ndi manyazi, komabe analowa. Patapita miyezi anawerenga yekha pepala la malonda a fodya wake, naona kulemera kwa belo lililonse ndi mtengo wake, osapempha maso a munthu wina. Ndinena kuti bambo ameneyo ndi mbale wake wa Gideoni.

Ntchito iyambira kwanu

Ntchito yoyamba imene Gideoni anapatsidwa sinali yokamenyana ndi Amidyani. Anauzidwa kugwetsa guwa la Baala limene linali la atate wake omubala, ndi kudula mtengo wopembedzerapo umene unali pambali pake. Anatenga anyamata ake 10, nachita zimenezi usiku, chifukwa anaopa abale ake ndi anthu a m'mudzi. M'mawa mudzi wonse unatekeseka, nafuna kumupha. Koma Yoasi, mwini guwa, anaimira mwana wake, nawauza kuti ngati Baala ali mulungu weniweni adzimenyere yekha mlandu wake. Kuchokera tsiku lomwelo Gideoni anatchedwanso Yerubaala.

Onani, anachita usiku, ali ndi mantha. Koma kutacha guwa linali pansi. Ndipo onaninso kumene anatumidwa poyamba. N'kwapafupi kudzudzula mlendo. Chovuta n'kudzudzula amene anakulera.

Pa sukulu yathu, mwezi wa Febuluwale ndi wa Malichi mabenchi amayera, chifukwa ana ali m'zigafa kusoka fodya. Chaka china ndinakonza zoitana makolo onse pa nkhani imeneyi. Koma powerenga kaundula ndinapeza kuti mwa ana ojomba munali atatu a pakhomo pa atsibweni anga, amene anandilipirira sukulu atate atamwalira. Ndikanalankhula pa bwalo ndisanapite kumeneko, anthu akanaseka chamumtima. Ndinapita madzulo, ndinakhala pansi, ndipo titatha malonje ndinati, "Atsibweni, ndabwera ndi mawu olemera. Inu ndinu munanditumiza ku sukulu pamene anzanga anali kumunda. Tsopano ndikupempha adzukulu anuwa kuti muwachitire chimene munandichitira ine."

Anakhala chete nthawi yaitali, nati, "Mphwanga, fodya sadikira munthu. Akapsa m'munda, udzandidyetsa ndiwe?"

Funso lawo linali loona, ndipo sindinalipeputse. Tinakambirana kufikira mdima, mpaka tinagwirizana kuti ana azipita ku sukulu m'mawa, ndipo ine ndi a kunyumba kwanga tizidza Loweruka kudzathandiza kusoka. Tsiku la msonkhano, munthu woyamba kuimirira kuvomereza mawu anga anali atsibweni omwewo. Ndinakumbuka Yoasi.

Gideoni ataliza lipenga, anthu a fuko la Manase, la Aseri, la Zebuloni ndi la Nafitali anasonkhana kwa iye. Komabe mtima wake unali usanakhazikike. Anayala ubweya wa nkhosa pa dwale, napempha kuti mame agwe pa ubweya pokha, nthaka ikhale youma. Ndipo m'mawa anafinya madzi odzaza mbale. Anapemphanso kuti usiku wachiwiri zitembenuke, ubweya uume, nthaka inyowe, ndipo zinatero. Ena amuyesa wokayika chifukwa cha ichi. Koma ine ndiona munthu wodziwa kuti asenza miyoyo ya ana a eni. Amene ayitana anthu ku imfa ayenera kutsimikiza kuti sakuwaitanira maloto ake okha. Mlimi wanzeru sawokera fodya pa mvula ya chizimalupsa. Ayamba wakumba ndi chala kuona ngati chinyezi chalowa pansi.

Anthu 300

Anthu amene anasonkhana pa kasupe wa Harodi, m'munsi mwa phiri la Giliboa, anali 32,000. Kasupe ameneyu atumphukabe madzi m'dziko la Israeli mpaka lero. Amidyani anali kumpoto kwawo m'chigwa, pafupi ndi chitunda cha More, ndipo monga mwa mawerengedwe a bukulo anali 135,000. Mtsogoleri aliyense akanadandaula kuti anthu ake achepa. Koma Gideoni anauzidwa kuti achuluka, pakuti akapambana ali otero adzadzitama kuti anadzipulumutsa okha. Analengeza kuti aliyense wamantha abwerere kwawo, ndipo anabwerera 22,000, natsala 10,000. Otsalawo anatsikira nawo kumadzi. Ambiri anagwada pakumwa, koma 300 anatapa madzi ndi dzanja nakhathira. Amenewa ndiwo anasankhidwa. Ena onse anauzidwa kupita kumahema awo.

Taganizani mtima wa Gideoni madzulo a tsikulo, poona misana ya anthu zikwizikwi ikulowa m'mapiri. Pano ndipo ndiona chikhulupiriro chake chitakula. Munthu amene anafuna chizindikiro kawiri pa ubweya, tsopano alola gulu lake kuphwasuka osatsutsa ngakhale liwu limodzi.

Aliyense amene anatsogolerapo ntchito ya chitukuko adziwa masamu amenewa. Pamene tinafuna kuumba njerwa za kalasi yatsopano, manja amene anakwezedwa pa msonkhano anali ngati mapesi m'munda. Tsiku loyamba kudambo anafika ochepa. Sabata lachitatu anatsala amayi ena ndi abambo oti n'kuwawerenga pa zala. Wapampando wa komiti anafuna kuti tileke. Koma otsalawo ndiwo anali eni ntchito. Anadziwana, anakhulupirirana, ndipo palibe amene anali kuyang'ana khasu la mnzake. Uvuni unapsa mvula isanagwe. Sindikunena kuti kuchepa n'kwabwino pakokha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndikunena kuti mtsogoleri asawerenge manja okwezedwa pa bwalo, awerenge mapazi ofika kudambo.

Usiku wa nkhondo Gideoni anali akali ndi mantha, ndipo analoledwa kutsikira ku misasa ya adani ndi mnyamata wake Pura, kukamvetsera. Atakwawira pafupi anamva Mmidyani akusimbira mnzake loto: mkate wa barele unagubuduka nulowa m'misasa, nugunda hema, niligwetsa. Mnzakeyo anamasulira kuti mkatewo ndiye Gideoni. Barele chinali chakudya cha amphawi, monga gaga kwa ife. Pamenepo Gideoni anazindikira kuti gulu lalikulu lija nalonso linali kunjenjemera. Anapembedza Mulungu pomwepo, nabwerera kukadzutsa anthu ake.

Anawagawa magulu atatu. Aliyense anamupatsa lipenga, mbiya yopanda kanthu, ndi muuni wobisika m'mbiyamo. Pakati pa usiku, alonda atangosinthana, anazinga misasa, naliza malipenga, naphwanya mbiya, nakweza miuni, nafuula dzina la Mulungu ndi la mtsogoleri wawo. Pa nkhondo za masiku aja lipenga limodzi linali kutsogolera gulu lonse. Choncho Amidyani podzidzimuka m'tulo, pomva malipenga 300 ndi kuona moto mbali zonse, anayesa kuti azingidwa ndi khamu losawerengeka. Mu mdimawo anakanthana okhaokha, ndipo otsala anathawira ku Yordano.

Zinthu ziwiri tizisunge pano. Choyamba, kukhulupirira Mulungu sikunamuletse Gideoni kuganiza. Anazonda adani, anasankha ora, anagawa anthu mwanzeru. Pemphero sililowa m'malo mwa khasu. Chachiwiri, asananyamuke anauza anthu ake kuti ayang'ane iye, ndipo chimene iye achite iwonso achite chomwecho. Sanakhale paphiri kutumiza mawu. Mphunzitsi wamkulu amene afika belu litalira alibe pakamwa pokalipira ana ochedwa.

Lilime lofatsa ndi dzanja lolemera

Nkhondo isanathe n'komwe, mlandu unabuka pakati pa abale. Anthu a fuko la Efraimu, amene anatsekereza madooko a Yordano nagwira akalonga awiri a Amidyani, Orebi ndi Zeebi, anamukalipira Gideoni kwambiri chifukwa sanawaitane pachiyambi. Iye akanatha kuwafunsa kumene anali zaka 7 zonse zija. Koma anadzichepetsa, nawauza kuti khunkha lawo linaposa zokolola za banja lake lonse, popeza akalonga anagwa m'manja mwawo. Mkwiyo wawo unazizira pomwepo.

Nzeru imeneyi inandithandiza tsiku lina pamene amfumu a mudzi wa kutsidya kwa dambo anafika pa sukulu atakwiya, chifukwa kalata ya msonkhano wa njerwa inawapeza mochedwa. Ndinawapatsa mpando, ndinati, "Amfumu, njerwa taumba ife, koma mchenga wa kumtsinje wanu ndiwo udzaimika chipupa. Popanda inu tili ndi mulu chabe." M'mawa mwake ngolo zawo zinali pa sukulu. Ulemu suwononga ndalama, koma ugula zimene ndalama sizingagule.

Koma tsidya lija la Yordano tiyamba kuona Gideoni wina. Anthu ake 300 anali otopa ndi anjala, akali kuthamangitsa mafumu awiri a Amidyani, Zeba ndi Tsalimuna. Anapempha mkate kwa anthu a ku Sukoti ndi a ku Penueli, ndipo onsewo anamumana, poopa kuti Amidyani angabwerenso. Pobwerera atagwira mafumuwo, anagwira mnyamata wa ku Sukoti, ndipo mnyamatayo anamulembera mayina 77 a akuluakulu a mudziwo. Inu amene mwaphunzira kulemba chaka chino, onani kuti zaka 3,000 zapitazo mnyamata wongopezeka panjira anali kudziwa kulemba. Onaninso kuti chimene chalembedwa sichiiwalika, ndipo dzanja lolemba liyenera kusamala chimene lilemba. Ndi mayina aja m'manja, Gideoni anakwapula akuluakuluwo ndi minga ya m'chipululu. Ku Penueli anagwetsa nsanja, napha amuna a m'mudzimo.

Anthu aja analakwadi pomana mkate. Koma anali Aisraeli anzake, ndipo tchimo lawo linali mantha, matenda omwewo amene iye anadwala m'dzenje la mphesa. Mulungu anamulezera mtima pa ubweya kawiri konse. Iye sanalezere mtima abale ake ngakhale kamodzi. Kwa Aefraimu amphamvu anali ndi lilime lofatsa, kwa midzi yofooka anali ndi dzanja lolemera. Munthu akakwera, chinthu choyamba kuiwala ndicho kumene anachokera.

Tsiku la zofunkha

Atabwerera kwawo, Aisraeli anamupempha kuti awalamulire iye, ndi mwana wake, ndi mdzukulu wake. Gideoni anakana, nati wowalamulira ndiye Mulungu yekha. Awa anali mawu okoma koposa onse amene analankhula, ndipo akanakhala chete pamenepo mbiri yake ikanakhala yopanda banga. Koma anapempha kanthu kamodzi: kuti aliyense amupatse ndolo zagolide zimene anafunkha. Anayala chovala pansi, naponyapo ndolozo, ndipo zinalemera masekeli 1,700, ndiko kuti pafupifupi makilogalamu 20 a golide. Ndi golide ameneyu anapanga efodi, chinthu cha unsembe, nachiika m'mudzi wa kwawo wa Ofira. Anthu anayamba kuchipembedza, ndipo chinasanduka msampha kwa iye ndi banja lake. M'mudzi womwewo m'mene anagwetsa guwa la atate wake, anaimika fano la iye mwini.

Anakana dzina la ufumu, koma anakhala monga mfumu. Anakwatira akazi ambiri, nabala ana aamuna 70. Mwana wina amene anabala kwa mkazi wamng'ono wa ku Sekemu anamutcha Abimeleki, kutanthauza kuti atate wanga ndi mfumu. Dziko linapumula zaka 40 iye ali moyo, ndipo ichi sitingamulande. Koma atangoikidwa m'manda, Abimeleki anapha abale ake pa mwala umodzi, napulumuka wamng'ono yekha, Yotamu. Abimeleki analamulira zaka 3, naphedwa pamene mkazi wina anamuponyera mwala wa mphero kuchokera pa nsanja. Amidyani sanathe kuwononga nyumba ya Yoasi. Inawonongedwa ndi zimene zinalowamo nkhondo itatha.

Apa ndipo nkhaniyi ifika pakhomo pathu. Palibe munthu wolimba mtima woposa mlimi wa fodya. Athirira nazale m'mawa ndi madzulo pa dzuwa la Okotobala, madzi akutunga kutali. Awokera mvula ili pamsana. Apalira, abandira, athyola, asoka, ayanika m'chigafa, asankha masamba limodzilimodzi, adinda mabelo. Ndipo m'miyezi yonseyi banja lidya mopereweza, feteleza ali wa ngongole. Mkazi ndi ana ali naye pa mzere uliwonse. Nkhondo imeneyi amaipambana. Koma mabelo akagulidwa ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, ndalama zikalowa, pamenepo ndipo ambiri agwa. Wina asowa pakhomo sabata zitatu, ali pa malo a malonda kugulira mowa anthu amene sanamuthandize kuthirira ngakhale bedi limodzi. Wina atenga mkazi wachiwiri ndi ndalama zimene mkazi woyamba anazigwirira ntchito. Wina agula chinthu chonyezimira choti anthu amutchule dzina, ngongole ya feteleza ili chikhalire. Pofika nthawi yotsegulira sukulu mwana wake aimirira pakhomo pa ofesi yanga, wasankhidwa kupita ku sekondale, koma palibe ndalama. Ine ndine amene ndimayang'ana nkhope ya mwanayo, ndipo ndicho chifukwa ndalemba mawu awa. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ndalama ya fodya isanasanduke chimanga m'nkhokwe, malata pa denga ndi fizi ya mwana, ikali pachala.

Si alimi okha. Mawuwa ndi athu tonse amene tapatsidwa kampando: wapampando wa komiti ya mjigo, msungichuma wa banki ya m'mudzi, mkulu wa mpingo, nyakwawa, ndi ife aphunzitsi aakulu. Pamene ntchito ili yovuta, anthu akutinyoza, timapemphera ndipo timafunsa nzeru kwa anzathu. Ntchito ikatheka, manja akawombedwa, chovala chikayalidwa pansi kuti anthu aponyepo zawo, timaleka kufunsa. Mukawerenga bwino mudzaona kuti m'mutu 6 ndi 7 Gideoni alankhula ndi Mulungu pa phazi lililonse. M'mutu 8 simupezanso pamene afunsa. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Pa sukulu yathu tinapangana kuti ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka ilembedwe pa pepala, lipachikidwe pakhomo pa ofesi, ndipo bokosi lisatsekulidwe ndi munthu mmodzi. Sitinatero chifukwa choganizirana kuba ayi, koma chifukwa tidziwa kuti munthu amene anagonjetsa 135,000 anagonja kwa ndolo. Ndipo pepala lija lili ndi mphamvu pokhapo pamene makolo atha kuliwerenga. Kuphunzira kwanu kuteteza inu, kutetezanso atsogoleri anu.

Sindifuna kuti mumutaye Gideoni. Kalata ya kwa Ahebri, mutu 11, imutchula pamodzi ndi anthu a chikhulupiriro, ndipo Buku Lopatulika silinabise zolakwa zake kuti limukometse. Linatisungira munthu wathunthu, kuti wamantha alimbe mtima, ndi wopambana achenjere. Ngati muli m'dzenje, mukudziyesa wotsiriza pa banja lanu, dziwani kuti otere ndiwo aitanidwa. Nyamukani, ngakhale usiku, ngakhale mawondo akugwedezeka. Koma ngati mabelo anu agulidwa bwino, ngati anthu ayamba kukuimirirani mukamalowa, pamenepo ndipo muyenera kukhala pansi ndi a kunyumba kwanu, pepala ndi pensulo zili pakati, ndi kupemphera monga munapempherera nazale ikufota.

Buku Lopatulika lonse linatuluka m'chinenero chathu m'chaka cha 1922, ndipo makolo athu ambiri anamwalira akungolimvera m'kamwa mwa ena. Inu tsopano mutha kulitsekula nokha. Tengani Buku la Oweruza, muwerenge mutu umodzi madzulo aliwonse, pang'onopang'ono, chala chili pa mzere. Mawu akakuvutani funsani mwana wanu, pakuti Gideoni nayenso sanatsikire ku misasa yekha. Koma ndikupemphani chinthu chimodzi: musalekere pa mutu 7 pamene malipenga alira. Pitirizani mutu 8 ndi 9, ndipo muwerenge msika wa fodya usanatsekulidwe.